Tinatsala Pang'ono Kuika Mwala M'manda

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi chaka chimene bambo anga analowa panyanja osabwerako. Tinkakhala m'mudzi wa asodzi kufupi ndi Senga Bay, ine Hawa, amayi ndi mng'ono wanga amene anali adakali kubere. Bambo analibe boti lawolawo. Ankakwera la munthu wina kukapha usipa, ndipo m'mawa ankabwera zovala zitanyowa, manja atatuwa, n'kugona mpaka dzuwa litafika pamutu. Chaka chimenecho mwera unawomba masiku angapo osaleka. Boti lawo linakapezeka kumpoto, kutali ndi kwathu, litagadabuka. Matupi a anzawo anatuluka pamchenga limodzilimodzi, abale awo n'kuwatenga kukaika. La bambo silinatuluke.

Sindikumbukira kuti ndinalira. Amayinso sanalire. Popanda mtembo panalibe maliro, ndipo ashehe a pamzikiti wathu anati tiyambe tadikira, poti Mulungu yekha ndiye anali kudziwa. Choncho amayi anakhala pakati. Sanali mkazi wapabanja, sanalinso wamasiye. Eda, miyezi ija imene mkazi wachisilamu amakhala m'nyumba mwamuna wake akamwalira, sakanatha kuiyamba. M'mawa ankapita kukayanika usipa wa anthu ena pathandala, madzulo n'kukaanula. Nkhope yawo inali ngati ya munthu amene waima pamsewu kudikira minibasi, osadziwa ngati ibwere lero kapena ayi. Ankaphika, tinkadya. Chakudyacho sindinkachimva mkamwa.

Anthu ankatifunira zabwino, ndipo aliyense ankabwera ndi kankhani kake. Wina anati waona munthu woyenda ngati bambo kutsidya kwa nyanja, ku Makanjira. Wina anati ku Chipoka kuli munthu amene anamuvuula m'madzi ndipo sakukumbukira dzina lake. Nthawi zonse amene ankanyamuka kukaona anali amalume anga a Yusufu, mlongo wawo wa amayi, amene ankasoka zovala pakhonde la golosale ina. Ankatseka makina awo n'kupita. Akabwerako ankakhala pansi, kuvula nsapato, n'kunena mawu omwewo: "Si iwo, achemwali." Wa ku Chipoka uja anali nkhalamba ya imvi. Wa ku Makanjira anali wamtali mofanana ndi bambo basi. Amayi ankagwedeza mutu n'kupitiriza zimene akuchita.

Kusukulu ndinkapitabe, chifukwa panalibe amene anandiuza kuti ndisiye. Ndinali mu Sitandade 6. Ndinkakhala kumbuyo, pafupi ndi zenera, ndipo mawu a aphunzitsi ankandifika ngati mmene umamvera anzako akuyankhula kumtunda iwe utamira m'madzi. Aphunzitsi athu a sayansi anali mayi wina wamfupi wochokera ku Karonga, Mayi Mwafulirwa. Ife tinkangoti Madamu. Ankayankhula Chichewa chomveka bwino koma chokoka, ndipo sankakonda kukwapula.

Tsiku lina anabwera ndi chithunzi cha chinyama chachikulu cha khosi lalitali. Anatiuza kuti kwawoko anthu ofufuza anafukula mafupa a nyama zotero, zimene zinatha kalekale, ndipo mafupawo anali atasanduka miyala. Ananena zambiri tsiku limenelo, anzanga akufunsa mafunso, ena akuseka kukula kwa chinyamacho. Ine m'zonsezo ndinatolapo mawu atatu okha: fupa limasanduka mwala.

Kuyambira pamenepo kalasi yonse inapenga ndi miyala. M'mawa uliwonse patebulo pa Madamu pankakhala mulu. Mnyamata wina anabweretsa mwala wobulungira, wothetheka kunja, akuti ndi dzira la chinyama chija. Madamu anauswa, mkati munali mchenga wogwirana basi. Anati miyala yotero imakula m'dothi pang'onopang'ono, kuzungulira kachinthu kakang'ono, n'chifukwa chake imabulungira. Mtsikana wina anapeza mwala waphanthiphanthi wokhala ndi chithunzi chakuda cha kamtengo, nthambi zake zooneka bwinobwino. Tonse tinavomereza kuti limenelo ndi tsamba lakale. Madamu anakana. Anati ndi madzi amene ankalowa mumng'alu wa mwalawo n'kusiya zonga dzimbiri, zimene zinayanga ngati nthambi. Ankanena modekha, osanyoza munthu, koma sanavomerepo ngakhale mwala umodzi. Ine sindinabweretse kalikonse. Ndinkangoona.

Mvula yoyamba itagwa, kamtsinje kamene kamathira m'nyanja kumpoto kwa mudzi wathu kanasefukira n'kukokolola zinthu zambiri. M'mawa mwake amayi anandituma kukatola nkhuni zimene madzi anasiya. Mchenga unali wonyowa, wodzaza bango, mapesi a chimanga, mapatapata akutha ndi nkhono zosweka. Pamene ndinkakoka chinthambi china, ndinaona chinthu choyera chitakwiririka mbali imodzi. Ndinachifukula ndi zala.

Chinali chachitali ngati chikhatho cha munthu wamkulu, choyera moderako, chosalala. Mbali imodzi chinali ndi mitu iwiri yobulungira, pakati pake pali kampata, ndendende ngati fupa la pabondo limene ndinkaliona pamalo ophera ng'ombe. Mbali inayo chinali chodukira. Ndinachiika pambali pa bondo langa n'kuyerekeza. Chinali cholemera ndi chozizira.

Sindinachite mantha, sindinakondwenso. Mumtima munangobwera mawu akuti, ndawapeza. Ndinachikulunga pansonga ya chitenje, ndinasenza nkhuni zanga, n'kubwerera kunyumba mwa mayendedwe anga a masiku onse.

Amayi ndinawapeza akusankha usipa m'lichero. Ndinatula nkhuni, ndinagwada, n'kumasula chitenje chija. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Wachitenga kuti?"

"Kumtsinje, pamene madzi amathira m'nyanja."

"Ndi mwala uwu."

"Madamu anati fupa limasanduka mwala."

Amayi anaika lichero pansi, anakasamba m'manja ndi sopo, kenaka anachilandira ndi manja awiri. Anachitsuka ndi madzi a pamjigo, osati a m'nyanja. Analowa m'nyumba, anatsegula sutikesi yawo, anatulutsa nsalu yoyera imene sindinkadziwa kuti anali nayo, n'kuchikulunga bwinobwino. Anachiika pabedi, mbali imene ankagona bambo. Atatero anabwerera ku usipa wawo.

Madzulo amalume anabwera ndipo amayi anawaonetsa. Anachinyamula, kuchitembenuza, kuchiyeza kulemera m'dzanja.

"Achemwali, fupa sililemera chonchi."

Amayi anandiyang'ana, ndipo ine ndinabwereza mawu aja a Madamu. Lero ndimaganiza kuti amalume anali atatopa, ndipo mbali ina ya mtima wawo inkafuna kuti zikhale zoona, kuti maulendo aja athe. Amayi anati ngati ndi bambo, ngakhale kachidutswa kokha, ayenera kuswaliridwa, ndiko kuti kupemphereredwa mwa Chisilamu, ndi kuikidwa m'manda monga munthu aliyense. Anafuna kuti ashehe auzidwe Lachisanu lomwelo.

"Tisanapite kwa ashehe, abwere kaye aphunzitsi akowo adzaone," anatero amalume akuyang'ana ine. "Sitingaimike anthu pamzere chifukwa cha chinthu chimene sitikuchidziwa."

M'mawa mwake ndinadikira kuti anzanga onse atuluke pa buleki. Madamu anali akufufuta bolodi. Ndinawauza zonse ndili chiimire, mawu anga ali phwa, ngati ndikuyankha funso la masamu. Anasiya kufufuta. Choko chinali chitawayeretsa manja mpaka m'zigongono. Sanandifunse mafunso ambiri. Anangofuna kudziwa pamene ndinachipeza ndi mwezi umene bambo anasowa.

"Ukawauze amayi ako kuti ndibwera Loweruka m'mawa," anatero.

Anabweradi, pakabaza, atavala chitenje ndi mpango kumutu, zimene kusukulu sankavala. Iwo anali Mkhristu, ndipo ndikuganiza kuti anafunsa kaye kwa anthu mmene angalowere panyumba ngati yathu. Anavula nsapato, anakhala pamkeka pakhonde, anapereka moni kwa amayi ndi amalume mosathamanga, n'kupepesa za bambo. Amayi ena oyandikana nafe anali ataima kumpanda. Amalume anawapempha kuti atipatse mpata, ndipo anachoka mokoka miyendo.

Amayi anatulutsa nsalu ija n'kuifunyulula pamiyendo pawo. Madamu sanathamangire kugwira. Anapempha kaye.

"Mundilola, amake Hawa?"

"Gwirani."

M'chikwama mwawo anatulutsa galasi lokulitsa zinthu, kahamala kakang'ono, msomali, ndi fupa la mbuzi louma, loswa kale pakati. Anayang'ana chinthu chija mbali zonse, makamaka kodukira kuja. Anachikanda ndi msomali, msomaliwo sunasiye chizindikiro. Anachigunditsa kulilime. Kenaka anandiitana kuti ndikhale pafupi nawo, n'kundipatsa galasi.

"Yamba ndi la mbuzili. Ukuona chiyani mkatimu?"

"Timabowo."

"Totani?"

"Tambirimbiri, ngati mkati mwa buledi."

"Kunjaku?"

"Timizere totsata utali wake."

Anati fupa lililonse, la mbuzi, la ng'ombe, la munthu, limakhala ndi timabowo timeneto, chifukwa ndi mmene munkadutsa magazi ndi mafuta mwini wake ali moyo. Ngakhale litasanduka mwala, timabowoto timaonekabe, ndipo nthawi zambiri ukaligunditsa kulilime limakakamira pang'ono. Atatero anandipatsa chinthu changa chija. Ndinayang'ana kodukira kuja. Munalibe bowo ngakhale limodzi. Munali timiyala tonyezimira togwirana thi, ngati shuga amene wanyowa n'kuuma. Kunja kunalibe mizere, kunali kusalala kokhakokha.

"Kusalalaku ndi mitu iwiriyi ndi ntchito ya madzi," anatero Madamu. "Wakhala ukugubuduka mumtsinje, ukukhulana ndi mchenga ndi miyala inzake. Pofewa panadyeka msanga, polimba panatsala."

Kenaka anatembenukira kwa amayi. Anayankhula motsitsa mawu koma sanazungulire.

"Amake Hawa, uwu ndi mwala. Ndi nsangalabwi. Si fupa, ndipo sunakhalepo fupa. Komanso fupa silisanduka mwala pa miyezi yochepa. Limayenera kukwiririka m'matope zaka zikwi ndi zikwi, nthawi zambiri mamiliyoni. Amuna anu asowa chaka chino chomwe."

Mng'ono wanga anali akukwawa pamkeka, akukoka lamba wa chikwama cha Madamu. Kutali kunkamveka injini ya boti. Ine ndinkangoyang'ana zala zanga za kumapazi. Za zaka zija ndinali ndisanazimve m'kalasi. Mwina anazinena pamene ine ndinali nditamira m'maganizo anga.

"Mukunena za kunja," anatero amayi. "Nanga mkati mwenimweni?"

"N'chimodzimodzi. Koma sindikufuna kuuswa ngati inu simukufuna."

Amayi anatambasula dzanja. Madamu anayamba akayika, kenaka anawapatsa kahamala kaja. Amalume anati awathandize, koma amayi anapukusa mutu. Anachotsa mwalawo pansalu, anauika pa njerwa ya pakhomo, n'kumenya. Koyamba hamala inaterereka, panatuluka kamoto ndi fungo longa la machesi. Anamenyanso mwamphamvu, mwalawo n'kugawika pawiri. Mkati munali moyera mbee, monyezimira padzuwa, molimba kuyambira uku mpaka uko.

Amayi anatola chibenthu chimodzi ndi dzanja lamanja, fupa la mbuzi lija ndi lamanzere. Anayang'ana ichi, anayang'ana icho. Galasi sanalifune.

"Ndiye amuna anga ali kuti?"

"Sindikudziwa, mayi," anatero Madamu. "Chimene ndikudziwa ndi cha mwalawu basi."

Ndinkayembekeza kuti anena zimene ankanena ena onse, zoti tisataye mtima, mwina ali kwinakwake, tsiku lina adzangotulukira. Sananene. Anangokhala pamkekapo, manja ali pamiyendo. Patapita kanthawi anandigwira paphewa n'kunena kuti sindinalakwe, ndinaona bwino kuti mwalawo ukufanana ndi fupa, koma kufanana ndi poyambira chabe pofufuza. Anatinso iwo akanayenera kufotokoza bwino m'kalasi, podziwa kuti muli mwana amene bambo ake sanapezeke.

Amayi anawaphikira tiyi. Anamwa, anatsazika, amalume n'kuwaperekeza mpaka pamsewu. Ine ndinatola zibenthu zija n'kukaziponya kudzala. Palibe anandituma, palibenso anandiletsa.

Amalume atabwerako anapeza amayi akupinda nsalu yoyera ija. Anakhala pansi, anakanda kumutu, kenaka ananena zimene zikuoneka kuti anazisunga kwa masiku angapo. Munthu wina wogula nsomba anawauza kuti ku Nkhotakota kuli msodzi wachilendo amene sanena kumene anachokera. Anati akhoza kunyamuka Lolemba.

"Musapite," anatero amayi.

"Achemwali, mwina ulendo uno..."

"Musapite, achimwene. Katsegulani makina anu." Anapitiriza kupinda nsaluyo, kuisalaza ndi chikhatho. "Nsalu iyi ndinaigula mwezi womwe uja, ndinangoibisa. Mwanayu atabwera ndi mwala, sindinafunse kawiri, ndinaukulunga. Munthu amene ukuganiza kuti ali moyo sumugulira nsalu yotere. Ndakhala ndikudziwa. Kawauzeni ashehe kuti ine ndavomera."

Ananena zimenezi ndi mawu omwe ankanditumira kukatunga madzi. Amalume anaphimba nkhope ndi manja awo, mapewa awo n'kumagwedezeka. Aka kanali koyamba kuona munthu wa m'banja mwathu akulirira bambo.

Ashehe anakambirana ndi akuluakulu a pamzikiti ndi abale a bambo, anafunsanso amene anapeza boti lija, ndipo pamapeto pake anavomera. Amuna anaima m'mizere n'kuswalira bambo popanda jeneza, chonyamulira mtembo chija, patsogolo pawo. Ine ndinkaonera patali, nditabereka mng'ono wanga. Patsogolo pa mzere woyamba panali mchenga wokhawokha. Swalayo inali yaifupi. Itatha anthu anabwera kunyumba kudzapepesa, ndipo amayi analowa eda. Miyezi imeneyo usipa ndinkayanika ndine ndikaweruka kusukulu.

Kulira kwanga kunachedwa. Kunandipeza patapita miyezi, pamsika wa ku Salima, kumene amalume ananditenga kuti ndikawathandize kunyamula nsalu. Kumbuyo kwanga munthu wina anatsokomola, chifuwa chouma chodukizadukiza, chimodzimodzi cha bambo akadzuka masana. Thupi langa lonse linafuna kutembenuka. Sindinatembenuke. Ndinadziwa kuti ndikapeza munthu wina, wa nkhope ina, amene akungogula tomato. Ndinakhala pansi pomwepo, pakati pa anthu, mtolo wa nsalu uli pamiyendo, ndipo ndinalira mpaka amayi ena ogulitsa mandasi anabwera kudzandigwira. Amalume anangoima pambali panga osandiletsa.

Kwa zaka zingapo Madamu ndinkawasungira kamkwiyo. Ndinkaona ngati anatilanda kanthu. Akanangonena kuti mwina, bwenzi tili ndi manda, malo oti n'kupitako, kulambula, kuonetsa ana. Sizikanawatengera kalikonse, ndipo palibe akanadziwa. Anasamutsidwa ndili mu Sitandade 8, ndipo sindinawatsazike.

Panopa ndine mayi wa ana anga, ndimagulitsa nsomba zouma pamsika womwe uja. Ndakhala pa maliro ambiri, ndaonanso anthu akudikira pa zipatala. Ndazindikira kuti munthu akasowa chinthu kwambiri, maso ake amachipeza paliponse, pamwala, pamayendedwe a mlendo, pachifuwa cha munthu wodutsa. Pamenepo m'pamene amafunika wina woti amuuze kuti tiyeni tione mkati. Onse amene ankatibweretsera nkhani zija ankatikonda, koma nkhani iliyonse inkatibwezera pamsewu kukadikiranso. Madamu anatiuza chinthu chimodzi chaching'ono chimene anali nacho chitsimikizo, ndipo pa chimene sankachidziwa anati sakudziwa. Zinali zowawa, koma zinali zolimba moti amayi anatha kupondapo n'kuimirira.

Bambo anga alibe manda. Ana anga akandifunsa kuti agogo awo anaikidwa kuti, sindiwalozera chulu kapena mtengo. Ndimawauza kuti analowa panyanja nthawi ya mwera, tinawafunafuna, sitinawapeze. Wamng'ono kwambiri anafunsapo kuti, "Ndiye ali kuti?" Ndinamuyankha kuti sindikudziwa, ndipo mawu anga sananjenjemere.